Mmene mungagulire salimoni pa mtsinje wa Columbia osagula ndi mlandu womwe

Salimoni yoyamba imene ndinagula kuno ku Oregon, m'dziko la America, inali yoletsedwa kugulitsa, ndipo ndinaidya yonse osadziwa. Unali mwezi wa Epulo, madzulo ndikuweruka, pamalo oimika magalimoto ku Portland. Mzungu wina wachikulire ndithu anatsegula buti ya galimoto yake n'kundikodola. M'bokosi munali salimoni ziwiri zonyezimira za mtundu wa Chinook, iliyonse yaitali kuposa mkono wanga, ndipo pambali pake panali ndodo zowedzera zidakali zonyowa. Anadzitama kuti wazikola m'mawa womwewo mumtsinje wa Willamette. Mtengo umene anatchula sunafike ndi theka lomwe la wa m'sitolo. Ndinatulutsa madola msangamsanga kuopa kuti angasinthe maganizo.

Patapita masiku ndinasimbira mnzanga wa kuntchito, wobadwira konkuno. Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Chinook ya mu Epulo yogulitsira m'buti? Imeneyo ndi ya anthu a mitundu aja, amaba usiku ndi maukonde." Pa zoti malondawo anali oswa lamulo, ananena zoona: ku Oregon ndi ku Washington, nsomba yogwidwa ndi laisensi ya owedza mongosangalala sigulitsidwa, kaya ndi imodzi yokha. Koma pa za mwini mlandu anaphonya kutali, ndipo anaphonya asanandifunse n'komwe kuti wogulitsayo anali wooneka bwanji.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikugula salimoni chaka ndi chaka kwa asodzi a mitundu ya eni nthaka, m'mbali mwa Columbia. Zimene ndalemba apa ndi zimene ndimachita ine, ndiponso zimene ndimayankha anthu ngati mnzanga uja.

Choyamba, dziwani chifukwa chake iwo amaloledwa kugulitsa

Mukapanda kumvetsa ichi, chilichonse chimene mudzaone kumtsinjeko chidzaoneka ngati tsankho. Mu 1855 mitundu ya Yakama, Umatilla, Warm Springs ndi Nez Perce inasainirana mapangano ndi boma la America. Inapereka dziko lalikulu zedi, koma inasunga ufulu wopha nsomba m'malo onse amene makolo awo ankasodzamo mwachizolowezi, ngakhale malowo atakhala kunja kwa madera amene anawasiyira. Mu 1905, pa mlandu wa Winans, khoti lalikulu la dzikoli linanena momveka kuti ufulu umenewu si mphatso yochokera kuboma ayi. Unali wawo kale, ndipo sanaupereke.

Papepala zinali choncho, koma kumadzi kunali nkhani ina. Kwa zaka zambiri alonda a boma la Washington ndi Oregon ankalanda maukonde ndi mabwato, n'kumatsekera asodziwa ngati akuba. Billy Frank Jr., wa mtundu wa Nisqually, anamangidwa koyamba mu 1945 ali ndi zaka 14, ndipo pamoyo wake anamangidwa maulendo opitirira 50 chifukwa chosodza mumtsinje wakwawo. Pa 10 Malichi 1957 damu la The Dalles linatsekedwa ndipo mathithi a Celilo, pomwe mitundu inkasonkhana kupha ndi kusinthana nsomba kwa zaka masauzande, anamira pamaola ochepa chabe.

Zinthu zinatembenuka kukhoti. Mu 1969 woweruza Robert Belloni anagamula kuti mitunduyi iyenera kupeza gawo loyenera la nsomba za mu Columbia. Pa 12 Febuluwale 1974 woweruza George Boldt, pa mlandu wina wa mitundu ya ku Washington, anatchula kukula kwa gawo lotere: mpaka theka la nsomba zimene zingaphedwe popanda kuwononga mbewu, ndipo muyeso womwewo unadzagwiranso ntchito pa Columbia. Khoti lalikulu linavomereza mfundo imeneyi mu 1979. Choncho mukaona matchera a anthu a mitundu ali m'madzi pomwe inu mwauzidwa kuti musaponye mbedza, musathamangire kunena kuti awakondera. Kawirikawiri n'kuti gawo la anthu ena onse latha kale kumunsi kwa mtsinje, ndipo iwo akupha lawo.

Kenaka funsani kalendala musanafunse mtengo

Apa ndi pamene pamagona nkhani yonse. Msodzi yemweyo, pa nsanja yomweyo, ndi ukonde womwewo, akhoza kukugulitsani nsomba mololedwa mu Ogasiti, koma n'kukhala wolakwa akakugulitsani mu Epulo. Chimene chimasintha ndi chilolezo cha tsikulo.

Mitundu inayi imagawa usodzi wake patatu. Pali nsomba za miyambo, monga za phwando la salimoni yoyamba ndi za pamaliro. Pali za pakhomo, zodya ndi kuwamba kapena kuyanika. Ndiye pali za malonda. Zoyamba ziwirizo ndizo zimatsogola, ndipo sizigulitsidwa. Malonda amatsegulidwa pokhapokha nsomba zikaoneka kuti zakwera zambiri. Chinook za m'nyengo yoyambirira, zimene zimakwera kuyambira cha m'Malichi mpaka pakati pa Juni, ndizo zamafuta kwambiri komanso zofunidwa ndi aliyense, koma zaka zambiri zimakhala zochepa moti mitundu imazisungira miyambo ndi pakhomo. N'chifukwa chake nsomba yotsika mtengo ya mu Epulo iyenera kukuimitsani mutu. Nyengo yachiwiri imayamba pa 16 Juni, pomwe kumabweranso salimoni ya mtundu wa sockeye, ndipo yachitatu, yomwe ndi yaikulu pa malonda, imayamba pa 1 Ogasiti n'kufika pachimake mu Sepitembala.

Masiku enieni sakhazikika. Ku damu la Bonneville kuli mawindo a magalasi oyang'ana m'makwerero a nsomba, ndipo nsomba zodutsa zimawerengedwa tsiku ndi tsiku. Ngati simunapiteko, pitani ndi ana, amakakamira pagalasi osafuna kuchoka. Ziwerengero zimenezo ndizo zimauza akuluakulu kuti atsegule kapena atseke. Mtundu uliwonse umaika malamulo a anthu ake, ndipo Oregon ndi Washington, pokumana m'bungwe lawo la Columbia River Compact, amavomereza masiku omwewo kuti anthu wamba athe kugula. Nthawi zambiri matchera amaloledwa masiku ochepa pa sabata.

Ndiye musananyamuke, tsegulani tsamba la pa intaneti la Columbia River Inter-Tribal Fish Commission, bungwe limene mitundu inayi ija inakhazikitsa mu 1977. Amalemba ngati malonda ali otsegula komanso mitundu ya nsomba imene ikuloledwa. Onaninso zilengezo za nthambi ya nsomba ya Oregon kapena Washington. Zimatenga mphindi zisanu. Chimodzi chokha chisakusokonezeni: nsomba yogwidwa pa masiku otsegula imatha kugulitsidwa masikuwo atatha. Mukapeza mayi akugulitsa Loweruka pomwe matchera anazulidwa Lachinayi, si umboni wa kuba umenewo.

Kumene mungapite, ndi zoti munyamule

Dera la usodzi wamalonda wa mitunduyi limatchedwa Zone 6, ndipo likuyambira pa damu la Bonneville kukafika pa damu la McNary, mtunda wa mamailosi 147. Kuchokera ku Portland mumatsata msewu wa I-84 kulowera kum'mawa, ndipo ola lisanathe mwafika ku Cascade Locks. Pansi pa mlatho wa Bridge of the Gods ndi pomwe ine ndimaima kawirikawiri. Mudzaona magalimoto a bokosi kumbuyo, matebulo, masikelo olendewera, ndi zikwangwani zolemba pamanja. Malo ena ogulitsira ali chakumtunda, kumbali zonse ziwiri za mtsinje.

Nyamulani bokosi losunga kuzizira lalikulu kuposa mmene mukuganizira, lodzaza theka ndi ayisi. Chaka choyamba ine ndinatenga kabokosi ka zakumwa, ndipo mchira wa nsomba unayenda ulendo wonse uli panja, galimoto n'kununkha mwezi wathunthu. Tengani ndalama za m'manja, chifukwa si onse ali ndi makina a khadi. Fikani cha m'mawa. Nsomba zambiri zimagulitsidwa zathunthu, mtengo wake ndi wa pa paundi, ndipo munthu aliyense amaika wake. Kunenerera kumaloledwa, makamaka mukagula zingapo, koma musachite ngati mwapeza munthu wosowa pogwira. Amene ali kutsogolo kwanuyo wagona kumadzi usiku.

Pamene mukudutsa mudzaona nsanja zamatabwa zolendewera pamwamba pa madzi, pomwe asodzi amaima ndi ukonde wozungulira kapena wa mpini wautali. Nsanja zimenezo ndi za mabanja, ndipo zina malo ake akhala akusiyirana mibadwo. Musakwerepo kuti mujambule chithunzi. M'mbali mwa mtsinje mulinso malo amipanda amene boma linapatula kuti akhale a asodzi a mitunduyi okha, m'malo mwa midzi ndi madooko amene anamizidwa ndi madamu. Pokhapokha pali chikwangwani chokuitanani kudzagula, musalowe.

Mafunso atatu, ndi kapepala kamodzi

Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya kale m'buti muja. Masiku ano ndimafunsa zitatu: ndi nsomba ya mtundu wanji, yagwidwa liti, yagwidwira kuti. Wogulitsa wachilungamo sakhumudwa nazo. Ndikukumbukira mayi wina wachikulire amene ndinamufunsa mwamanthamantha, ndikuopa kuti aona ngati ndikumukayikira.

"Pepani mayi, kodi yagwidwa liti imeneyi?"

"Usiku wapitawu, mwana wanga ndiye wavuula. Tsegulani apa muone."

Anakweza chivundikiro cha kumutu kwa nsombayo ndi chala, mkati muli pyu, kufiira ngati magazi atsopano. Kenaka anandigwira dzanja n'kulikanikiza pamsana pake. Mnofu unabwerera nthawi yomweyo osasiya chibowo. M'mimba munali motumbula kale, modzaza ayisi. Maso anali oyera, otukuka. Anandionetsanso ina yakuda pang'ono imene inali pambali, nati, "Iyi ndi tule, yayandikira kuikira mazira. Mnofu wake ndi wotuwa, n'chifukwa chake ndatsitsa. Ngati mukufuna yowamba tengani, koma yootcha tengani yowalayi." Zowalazo amazitcha upriver bright, ndipo zambiri zimakhala zidakali ndi ulendo wautali wopita ku Hanford Reach, kumtunda kwa mtsinjewu, choncho mafuta adakali m'thupi. Munthu wakuba sakhala ndi nthawi yokuphunzitsani zonsezi. Maso ake amakhala kumsewu.

Mukalipira, pemphani lisiti. Ichi musachite nacho manyazi ngakhale pang'ono. Ineyo ndimaonetsetsa kuti palembedwa dzina la wogulitsa, mtundu wake kapena nambala ya chiphaso chake, tsiku, mtundu wa nsomba ndi kuchuluka kwake. Asodzi a mitundu amakhala ndi ziphaso za mtundu wawo. Wapolisi wa zanyama akakuimitsani panjira n'kupeza Chinook zitatu m'bokosi, inu mulibe laisensi yowedzera, kapepala kameneko ndiko kadzakuyankhulireni. Kamatetezanso wogulitsayo, chifukwa kamasonyeza kuti malonda anachitikira poyera. Wogulitsa akakana kulemba, kapena akati "ingotengani msanga", bwezani nsomba patebulo, thokozani, chokani.

Ndipo nsomba mwagulayo ndi yodya inu. Musakaidule n'kumagulitsa kwa anzanu a kutchalitchi kapena kukaipereka kulesitilanti ya mlamu wanu. Ogula kuti akagulitsenso amafunika laisensi yawoyawo, ndipo nsomba zawo zimalembedwa m'mabuku a boma. Anthu ambiri amene amadandaula za "malonda a mumdima" amaiwala kuti mdimawo umafuna anthu awiri, ndipo wachiwiriyo ndi wogula.

Za kachipsepse kaja

Pali kanthu kamene kamayambitsa mikangano yosafunika. Pamsana pa salimoni, pafupi ndi mchira, pali kachipsepse kakang'ono kamnofu. Nsomba zambiri zoswetsedwa m'malo oswetsera zimadulidwa kachipsepse kameneka zili zing'onozing'ono, kuti zizisiyana ndi zobadwira mumtsinje. Pa nyengo zambiri, owedza ndi mbedza amalamulidwa kubwezera m'madzi nsomba iliyonse yokhala nako, chifukwa magulu angapo a salimoni ya m'chigwa cha Columbia ali pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi yakutha, kuyambira ndi sockeye ya mumtsinje wa Snake mu 1991.

Ndiye munthu amene dzulo anabweza Chinook yake yokongola akafika patebulo n'kuona ina yosadulidwa ikugulitsidwa, mtima umamuwawa. Ndikumumvetsa. Koma si kuba. Nsomba yokodwa m'matchera usiku siibwezeka yamoyo, choncho mitundu imasunga zonse, ndipo nsomba zobadwira mumtsinje zimene yapha zimawerengedwa pa malire amene inagwirizana ndi maboma pansi pa mlandu wa United States v. Oregon. Malirewo akakwana, matchera amatuluka m'madzi. Owedza nawonso amawerengeredwa zawo, kuphatikizapo zimene zimafa atazibweza. Njira n'zosiyana, koma onse ali ndi pothera.

Mukaona chokayikitsa

Sindikunena kuti kumtsinjeko kuli angelo okhaokha. Alipo anthu a mitundu amene amatchera nyengo itatsekedwa, kapena kugulitsa nsomba zimene anaphera za pakhomo. Oyamba kuwawidwa nazo ndi anzawo omwe, chifukwa nsomba yobedwa imachoka pa gawo la mtundu wonse, ndipo imapatsa adani awo chonena. Aliponso owedza ogulitsa m'mabuti, ndi ogula akuluakulu amene salemba zonse zimene alandira.

Mukaona zotere, choyamba musakhudze kanthu. Musadule chingwe, musakoke ukonde, musatsegule bokosi la munthu. Kuwononga zida za msodzi ndi mlandu pawokha, ndipo ukonde umene mukuuyesa wakubawo ukhoza kukhala wololedwa. Lembani tsiku, nthawi, malo, nambala ya galimoto kapena bwato, ndi zimene mwaona ndi maso anu. Zimene mwaganiza zisiyeni. "Ndinaona munthu akulandira ndalama n'kupereka nsomba ziwiri" ndi umboni. "Amaoneka ngati wakuba" si umboni.

Kenaka dziwani khomo logogoda. Mu Zone 6 muli apolisi a mitundu inayi ija, omwe likulu lawo lili ku Hood River, ndipo amayendera mtsinje ndi mabwato. Ngati nkhani ikukhudza msodzi wa mtundu, yambani ndi iwowo. Mu 1974, pa mlandu wa Settler v. Lameer, khoti la apilo linavomereza kuti mtundu wa Yakama uli ndi mphamvu yogwira anthu ake oswa malamulo a usodzi ngakhale kunja kwa dera lake. Makhoti a mitundu amatha kulipiritsa, kulanda zida, ndi kumuletsa munthu kusodza kwa kanthawi, chomwe kwa msodzi ndi chilango chowawa kuposa faindi. Ngati wolakwayo si wa mtundu, pitani kwa apolisi a zanyama a Oregon State Police kapena a nthambi ya nsomba ndi nyama ya Washington. Chifukwa chake n'chakuti kuyambira pa mlandu wa Oliphant mu 1978, makhoti a mitundu alibe mphamvu yozenga milandu yaupandu anthu amene si eni nthaka. Taganizirani mmene izi zimakhalira: wogulitsa ndi wogula agwidwa limodzi, dzanja lili pa nsomba imodzi, koma milandu yawo ipita kumakhoti awiri osiyana, ndipo mmodzi akhoza kulangidwa mnzake akuyenda. Tsankho lenileni limabisala pampata umenewu.

Chimene simuyenera kuchita ndi kuika chithunzi cha munthu pa Facebook n'kulemba kuti wakuba. Ndaonapo zithunzi za nsomba zotayidwa m'mbali mwa msewu zikufalitsidwa, ndemanga mazana zikutukwana mtundu wonse, popanda ndi mmodzi yemwe wodziwa amene anataya. Paja amati nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Mwambi umenewu ndi woona m'dengu, koma anthu amangougwiritsa ntchito kumbali imodzi. Mzungu wanga wa m'buti uja sanawoletse dzina la owedza onse a mu Willamette.

Nkhani ya Sohappy, ndi chifukwa chake ndimaikumbukira

Aliyense wofuna kulankhula za chilungamo pa nkhani imeneyi ayenera kudziwa za David Sohappy. Anali mmodzi wa akuluakulu a mtundu wa Yakama, wokhala ku Cook's Landing, m'mbali mwa Columbia, ndipo dzina lake ndilo lili pa mlandu umene Belloni anagamula mu 1969. Iye ankakhulupirira kuti kusodza ndi mbali ya chipembedzo chake, ndipo sankavomereza kuti munthu angamuikire masiku.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kunamveka kuti salimoni pafupifupi 40,000 zasowa pakati pa damu la Bonneville ndi la McNary. Chala chinaloza asodzi a mitundu. Akuluakulu a boma anatchera msampha: anthu awo anadzisandutsa ogula nsomba, n'kumayenda ndi ndalama m'mphepete mwa mtsinje kwa miyezi yambiri. Ntchitoyo inadzatchuka ndi dzina lakuti Salmonscam. Mu Juni 1982 anagwira Sohappy ndi ena ambiri. Anawazenga ndi lamulo la Lacey Act, lomwe linali litangokulitsidwa mu 1981 kuti kugulitsa nsomba zogwidwa moswa malamulo a chigawo kapena a mtundu kukhale mlandu waukulu wa boma la dziko lonse. Mu 1983 Sohappy anapezeka wolakwa pa nsomba 317, ndipo anagamulidwa zaka 5. Mu 1987 khoti la mtundu wake linamupeza wosalakwa, koma boma linamutengabe. Anakhala m'ndende miyezi pafupifupi 20, anadwala sitiroko ali momwemo, anatuluka mu 1988 ndipo anamwalira mu 1991.

Nanga nsomba zosowa zija? Akatswiri a boma lomwelo anadzapeza kuti mankhwala a fluoride ochokera ku fakitale ya aluminiyamu pafupi ndi damu la John Day ankasokoneza salimoni pokwera mtsinje. Palibe wa kufakitale amene anagona m'ndende. Damu la Grand Coulee, lomwe linamangidwa lopanda makwerero a nsomba, linatsekera salimoni njira yopita kumtunda konse kwa Columbia, ndipo limenelo timalitcha chitukuko.

Sindikuti Sohappy sanagulitse nsomba. Anagulitsa. Ndipo anthu ena a mtundu wake omwe sankagwirizana naye, chifukwa ankaona kuti akufooketsa malamulo amene mtundu unalimbana kuti uzidziikira wokha. Chimene chimandivuta ndi muyeso. Zaka 5 pa nsomba 317, ndipo wogula anali boma lenilenilo.

Kutsidya kwa malire, ku Canada, nkhani yake ndi yofanana pang'ono. Dorothy Van der Peet, wa mtundu wa Stó:lō ku British Columbia, anagulitsa salimoni 10 pa madola 50, zogwidwa ndi chilolezo cha chakudya cha pakhomo. Mlandu wa nsomba khumi zimenezo unakafika kukhoti lalikulu la dzikolo, ndipo mu 1996 anagonja. Malamulo a kumeneko ndi ena, choncho zimene ndalemba za Columbia musapite nazo ku mtsinje wa Fraser wa kumeneko.

Mukamva kuti wina wagwidwa

Nkhani zotere zimatuluka pafupifupi chaka chilichonse, ndipo mkangano wake umayamba anthu asanawerenge ndime yachiwiri. Ine ndimadzifunsa kaye kuti lamulo limene laswedwa ndi la yani. Ngati ndi la mtundu, ndiye kuti mtunduwo uli ndi malamulo ndipo wolakwayo walakwira abale ake, osati kuti "iwo salamulidwa ndi aliyense" monga amanenera ena. Ndimafunsanso kuti wogula ali kuti. Nsomba mazana sizigulidwa ndi munthu wodutsa ngati ine. Pamakhala wina wokhala ndi galimoto yoziziritsa ndi msika wokonzeka, ndipo dzina lake likasowa m'nkhaniyo ndimadziwa kuti ndauzidwa theka. Ndiye ndimayerekeza chilango: woswa lamulo wa mbedza, wa bwato lamalonda la kumunsi kwa Bonneville, ndi wa pa nsanja, atapezeka ndi nsomba zofanana, kodi angalandire zofanana?

Funso limeneli lili ndi mbali inanso imene sitiyenera kuizemba. M'kati mwa mtundu momwemo, msodzi wa pa nsanja wopha nsomba zisanu ali ndi ufulu wofunsa ngati wa bwato lalikulu ndi matchera ambiri amayang'aniridwa mofanana naye. Pagulu laling'ono, wapolisi ndi wogwidwa akhoza kukhala pachibale, ndipo kulanda ukonde wa amalume ako si chinthu chapafupi. Kwa ine, ubwino wa gulu la apolisi la mitundu inayi pamodzi uli pomwepa. Koma mkangano umenewo eni ake ndi iwo, ndipo amaukambirana m'mabwalo awo. Ine mlendo gawo langa ndi laling'ono: kusagula nsomba yopanda lisiti, kuti ndisakhale msika wa munthu wobera anzake.

Mnzanga wa kuntchito uja ndinapita naye ku Cascade Locks mu Sepitembala wina. Ulendo wonse ankang'ung'udza za matchera. Titafika anaima chapatali manja ali m'thumba, mpaka mnyamata wogulitsa anamufunsa kuti amawedza kuti. Anakambirana za nyambo ndi kutentha kwa madzi kwa theka la ola, ine ndikudikira ndi bokosi. Anagula salimoni ziwiri za mtundu wa coho. Za Boldt sanasinthe maganizo, ndipo pobwerera tinakanganabe mpaka ku Troutdale.

Mukafika kunyumba musachedwe. Palani mamba, dulani zidutswa zokwana kudya kamodzi, pukutani ndi kansalu kouma, kulungani mothina kuti mpweya usalowe, ndipo zimene simudya m'masiku awiri ziikeni mufiriji youmitsa. Mutu ndi mafupa musataye, msuzi wake ndi wabwino kuposa mnofu. Ngati muli ndi galu, musamupatse ngakhale kachidutswa kakang'ono bwanji kosaphika, chifukwa salimoni yaiwisi ya m'mitsinje ya kuno imanyamula tizilombo timene timapha agalu. Lisiti lija ine ndimaliika m'kapulasitiki n'kulimata pachitseko cha firiji, ndipo limakhala pomwepo mpaka chidutswa chomaliza chitadyedwa, nthawi zambiri cha mu Febuluwale.